Kunda ndi Chida Chimene Anachiphunzitsa Kukumbukira

Panali munthu wina ku Kalingalinga dzina lake Kunda, wolemba mapulogalamu a kompyuta. Amene ananditumizira akuti zinachitikadi.

Kampani imene ankagwirako ntchito inali ndi chida chofufuza zolakwika m'pulogalamu isanapite kwa anthu. M'chidacho munali tizigawo ting'onoting'ono tosasunga kanthu: ukatifunsa timayang'ana, timayankha, n'kuiwala. Tizigawoto tinali mbwee paliponse, choncho bwana wake, Mayi Chisenga, anamuuza kuti atisonkhanitse pamodzi.

"Ukonze chabe malo, Kunda. Usachinje vamene vichita. Ukasiliza uyese vonse."

"Namvera, ba Chisenga."

Koma pa gulu lina la pa intaneti, munthu wosamudziwa anamulembera kuti, "Chida chanu chichedwa chifukwa chiiwala. Chizikumbukira mayankho." Anamutumiziranso mizere ya pulogalamu yoti angoikamo. Kunda anaiika. Ntchito ya mphindi makumi awiri inatha m'mphindi ziwiri. Magetsi anali atazima, batire ikutha, ndiye zoyesa zija anangozidumpha.

"Wayesa?" anafunsa Mayi Chisenga.

"Vonse vili bwino," ananama.

Patapita milungu iwiri, mnzake Eugene anasintha pulogalamu ya m'makiliniki, yowerengera mlingo wa mankhwala potengera kulemera kwa mwana. Analakwitsa mzere umodzi. Chidacho sichinayang'anenso. Chinangokumbukira yankho lakale n'kunena kuti palibe vuto.

Lachitatu m'mawa foni ya mu ofesi inalira. Anali nesi wa pa kiliniki ina ku Kanyama, dzina lake Exildah.

"Mwana ali na makilo asanu na atatu, kompyuta yanu ikamba mlingo wa munthu mukulu! Mufuna kutipayisa ana?"

Pulogalamuyo inali m'makiliniki asanu ndi imodzi. Anayamba kuwaimbira foni. Asanu anayankha n'kusiya kuigwiritsa ntchito. Ya ku Chawama foni inangolira.

Kunda anadziwa kumene vuto lachokera.

"Ba Chisenga, sin'nayese. N'naikamo vinthu va munthu wina."

Mayiwo sanakalipe. "Thamanga ku Chawama. Manje manje."

Mvula inali itagwa, minibasi imene anakwera inatitimira m'matope. Kunda anatsika n'kuthamanga, madzi akufika m'mawondo. Analowa m'kiliniki akukuwa kuti, "Zimyani kompyuta!"

Anachedwa. Mwana mmodzi, Chipo, wa miyezi khumi, anali atamwetsedwa kale mlingo wolakwikawo ndi nesi wongoyamba kumene ntchito. Anali lefuu pamsana pa amake. Anamuthamangitsira ku chipatala chachikulu, Kunda akutsatira.

Kunda ali pabenchi akulira, mayi a mwanayo anamuyang'ana.

"Ndimwe ba dokota?"

"Iyayi, amayi."

"Nanga ndimwe ndani? Mulilira chani mwana wanga?"

Kunda anawauza zonse. Mayiwo ananyamuka n'kukakhala pabenchi ina.

Chipo anatsegula maso tsiku lachitatu, ndipo anachira. Kunda anachotsedwa ntchito. Asanatuluke anapempha ola limodzi, nafufuta mizere ija ndi dzanja lake, Mayi Chisenga ataima kumbuyo kwake.

Phunziro: Ukatumidwa kusesa m'nyumba, usagwetse khoma. Usaike za mlendo m'ntchito yako usanaziyese, ndipo usanene kuti wayesa pamene sunayese, chifukwa wovulala ndi bodza lako mwina sadziwa n'komwe dzina lako. Tumizirani ena, makamaka a zamakompyuta.