Timanambala ta m'mavesi

"Timanambala tija tabweranso, bambo," anadandaula mwana wamkazi wa abusa, akumenya kiyibodi ya kompyuta.

Vesi lililonse limene ankakopera m'pulogalamu ya Baibulo n'kuliika pa tsamba la ulaliki wa mawa linkabwera ndi timanambala pakati pa mawu. Anatifufuta kamodzikamodzi, mavesi makumi anayi, mpaka msana unawawa, tiyi n'kuzizirira pambali.

Atasindikiza, anaponya pepalalo patebulo. "Ndatha. Ntchito imeneyi musadzandipatsenso."

Abusa anavala magalasi n'kuliyang'ana kwa nthawi yaitali.

"Nanga timanambala tapita kuti, mwanawe?"

"Ndachotsa tonse, bambo."

"Ndiye mawa ndikapumira pati? Inetu powerenga paguwa ndimapumira pamenepo. Tabwezeramo."