Amene Ankadula Waya

Waya anali wodulidwanso. Gwedegwede anagwada pakati pa galimoto ndi ngolo yake, nayang'anitsitsa. Dzulo lomweli anali atamangirira matcheni awiri a ngoloyo m'mwamba ndi wayayo. Tsopano anali lende, akunyambita fumbi ngati kale.

Ntchito yake inali yosamutsa anthu: mabedi, makabati, nthawi zina ndi agalu omwe. Matcheniwo ndi amene amagwira ngolo ikamasuka pokolekera. Koma ake anali aatali. Ankakhwekhwereza mumsewu, kuthetheka moto, kulira mwakuti anthu ankamumva asanamuone. Dzina lija analitengera pomwepo.

Kale phokosolo silinkamuvuta. Linayamba kumuvuta atazindikira kuti mwamuna wofika kwawo ndi belu sapeza chachilendo pakhomo.

Zizindikiro zinalipo. Kuseri kwa nyumba ankapeza mapazi a nsapato zazikulu, malo amodzimodzi, dothi litapondedwa mpaka kulimba, ngati pamene munthu wadikirira mosaleza mtima. Chingwe choyanikira zovala ankachipeza chomasuka mbali imodzi. Chitseko chimene chinalira chaka chathunthu chinasiya kulira. Mpopi unasiya kudontha.

"Ndinakonza ndekha," anatero mkazi wake, munthu woti chibadwire sanagwirepo hamala.

Gwedegwede anaphatikiza zonsezi, yankho n'kutuluka limodzi. Mkazi wake anali ndi chibwenzi, ndipo chibwenzicho chinali ndi luso la manja. Lusolo ndi limene linkamupweteka kwambiri. Mpopi uja iye analimbana nawo mpaka kuugonjera. Analumbira kuti akadzamugwira munthuyo, mkazi wake adzakhala woyamba kusamutsidwa ulere.

Mboni inalipo m'nyumbamo, koma yosathandiza. Bambo ake a Gwedegwede anabwera chaka chatha kudzaonana ndi dokotala, miyendo n'kufera pomwepo. Madokotala anawaunika, osapeza kanthu. Amayi ake ankaimba foni Lamlungu lililonse: "Akangoimirira undibwezere. Denga likudontha kuno, khola nalo anangolisiyira panjira." Nkhalambayo ikamva zimenezi inkabuula n'kutembenukira kukhoma.

Madzulo alionse Gwedegwede ankawapeza pabedi, thukuta lili kamukamu, akupuma wefuwefu. Ankawapukuta nkhope, n'kuwabereka kupita nawo kubafa.

"Bambo, masana simumvako munthu pakhomo pano?"

"Ine ndimangomva matcheni ako, mwanawe. Usamawamange. Akamalira mtima umakhala pansi, ndimadziwa kuti wafika bwino."

"Akutha, bambo. Apyapyala. Tsiku lina ngolo idzamasuka n'kundipitirira pamsewu."

"Ikadzakupitirira udzaitsatira."

M'mawa umene anapeza waya wodulidwa uja sanamangenso wina. Anatuluka ndi phokoso lake lonse, kuti wodula wayayo amve n'kusangalala. Masana anakana kusamutsa banja lina, nakaima kwa wowotcherera zitsulo wa pakona.

"Waya ndi wa ana, achimwene," anatero wowotcherera atagwada. "Matcheni apingaseni pansi pa chokolekera, wakumanja kumanzere, wakumanzere kumanja. Ngolo ikamasuka igwera pamenepo. Musakoke kwambiri, mungalephere kukhota. Potsalapo tipachika ndi mphira ya chubu." Anamanga, nagwedeza, matcheni osagunda pansi. Kenako anadzuka ndi nkhope yachisoni. "Nanga ife msewu uno tizidziwa bwanji kuti nthawi yoweruka yakwana?"

Gwedegwede analowa mumsewu wa kwawo ngati mtambo. Galu wa aneba, amene ankamuuwa tsiku lililonse, anangomuyang'ana ngati mlendo waulemu. Chapatali pang'ono anazimitsa injini, galimoto n'kudziyendera yokha mpaka pageti. Anavula nsapato. Anatenga chitsulo chomasulira matayala.

Kuseri kwa nyumba kunkamveka mdidi. Di! Di! Di! Ndipo mkazi wake ankaseka, kuseka kwenikweni kwa m'mimba, kumene iye anakumva komaliza asanakwatirane.

Anadutsa pawindo la bambo ake chowerama, kuti wodwala asaone zamanyazi. Anafika pangodya. Anasuzumira.

Chingwe cha zovala chinali chomangidwa pamtengo mbali imodzi. Mbali inayo anagwira mkazi wake, akuchipukusa ndi mphamvu. Pakati pake mwamuna wa msana waukulu, nsapato zazikulu, ankadumpha, mawondo akufika pachifuwa. M'thumba lakumbuyo munkatulukira chodulira waya.

"Iwe!" anakuwa Gwedegwede, chitsulo chili m'mwamba.

Mwamunayo anatembenuka akadali m'malere. Anatera ndi miyendo yonse iwiri, nayang'ana chitsulo, nayang'ana ngolo yachete ija pageti. Anali bambo ake a Gwedegwede. Kenako anakhala pansi pang'onopang'ono n'kukweza manja.

"Ndibereke, mwanawe. Amayi ako asamve."