Ulemu Unadya Munda wa Akolgo

Panali munthu wina dzina lake Akolgo, wa kumpoto ku Bolga, amene anabwera ku Sefwi ali mnyamata kudzalima koko. Nkhaniyi ndi yoona.

Mwini dothi, mkulu wotchedwa Gyapong, anamupatsa tchire pa pangano la abunu: uswe mphanje, udzale koko, akabereka tigawane munda pakati. Anathira mowa pansi, anapha nkhosa, mboni zinadya. Pepala panalibe. Koko atabereka anagawanadi, ndipo Akolgo analima mbali yake zaka makumi atatu. Gyapong anamwalira, mboni nazonso zinatha, dothi linatsala m'manja mwa Nkuah, mwana wa mlongo wake wa malemuyo.

Chaka china Bediako, kalaliki wogula koko, analengeza kuti ku Ulaya aika lamulo. Sagulanso koko wosadziwika kumene wachokera, kuopa wolimidwa m'nkhalango yodulidwa kapena wokololedwa ndi anthu ozunzidwa. Munda uliwonse ulowe m'mapu. Mwini wake agwire foni ya kampani yogula koko, azungulire nayo malire, dzina lake lilembedwe.

Mkazi wa Akolgo, Atipoka, anati, "Bambo, foniyo mukagwire nokha. Nkuah uja amayang'ana munda wathu ngati nkhuku yaona chiswe."

"Mayi iwe, unaona kuti mlendo akutsogolera mwini dothi m'malire? Ukufuna azinena kuti ndinaleredwa ndi mbuzi?"

Tsiku loyeza litafika, wa kampani anafunsa kuti mwini munda ndani. Akolgo analandira foni ndi manja awiri, n'kuipereka kwa Nkuah monga mwa mwambo.

"Aa, madala," Nkuah anaseka, "mwambo mumaudziwa kuposa eni akefe."

Nkuah malire sankawadziwa n'komwe. Akolgo ndiye ankakuwa ali kumbuyo, "Kumanzere, bwana! Tsikani kumtsinje! Samalani minga!" Anazungulira munda wonse, mbali zonse ziwiri. Akolgo atafunsa za malire apakati, Nkuah anati, "Amenewo ndi a mawa." Mawalo silinafike.

Atakolola, Akolgo anapita ndi matumba ake kusikelo. Bediako anayang'ana m'makina n'kupukusa mutu.

"Bambo, dzina lanu mulibe."

"Iwe Bediako, ndinayamba kugulitsa pano usanamere mano."

"Si ine, ndi makinawa. Munda wonse ndi wa Nkuah. Inu mwalembedwa wantchito. Koko wanuyu adzere m'dzina lake, apo ayi mubwerere naye."

Akolgo anakadandaula kwa akuluakulu a m'mudzi. Anamufunsa kuti mboni zake zili kuti. Iye anati zili kumanda. Iwo anati mapu ali pompano.

Kenako kunamveka kuti kukubwera mayi wa ku Ulaya kudzaona ngati anthu a m'minda sakuzunzidwa. Akolgo anachapitsa malaya ake a kumpoto, anatenga mwana wake wamkulu amene sukulu anailekera panjira, bambo wa ana awiri, n'kupita kukakumana ndi mayiyo. Womasulira anali Nkuah.

Akolgo anaimirira nati, "Mayi, munda uwu ndinauswa ndi manja awa. Mtengo uliwonse ndinadzala ndine. Sindine wantchito. Bwezeretsani dzina langa."

Nkuah anamasulira m'Chingerezi kuti, "Akuti ndimawasamala ngati bambo anga ondibereka."

Mayiyo anamwetulira n'kulemba. Mwana uja, ndi Chingerezi chake chochepacho, anamva bodzalo. Anatsegula pakamwa, koma bambo ake anamugwira mkono.

"Khala chete. Usachititse manyazi mwini dothi pamaso pa alendo. Mayiyu walemba, ndaona ndi maso anga."

Mwanayo anakhaladi chete. Ngakhale kunyumba sananene kanthu, poona bambo ake akudya bwino koyamba m'miyezi itatu.

Akolgo anadikira yankho. Galimoto ikamveka ankathamangira kumsewu. Patatha miyezi iwiri yankho linabwera: chikwangwani chokhomedwa pakhomo la munda, cholembedwa dzina la Nkuah kuti ndi mlimi wachitsanzo, ndi nsapato za jombo za wantchito wake.

Akolgo anaitana mwana wake.

"Tsiku lija unamva zimene Nkuah ananena?"

"Ndinamva, bambo."

"Nanga sunalankhule bwanji?"

"Munandigwira mkono."

Akolgo anayang'ana dzanja lake nthawi yaitali. Kumunda anasiya kupita, chakudya chinkabwerera chosakhudza. Koko wina asanapse, anamwalira.

Pamaliro Nkuah anakhala mpando wakutsogolo, analira kuposa ife. Mwambo utatha anakokera Atipoka pambali nati, "Mayi, pepani kwambiri. Koma nyumba ya kumunda mukukhalayi ndikuifuna mwezi ukatha, kukubwera wantchito wina."

Ndanena kuti ife. Basi, ndatopa kubisa. Akolgo anali bambo anga, ndipo mwana wachete uja ndine. Mayi anga lero ali ku Bolga, kwa abale amene anawaiwala nkhope. Nkuah ali moyo, wanenepa. Bediako akuyezabe koko. Akuluakulu aja akumwabe mowa wa Nkuah. Mayi wa ku Ulaya anakanena kwawo kuti kuno kulibe wozunzidwa. Inenso ndili moyo, ndipo pa onsewa amene sindimukhululukira ndi amene anamva bodza m'zinenero ziwiri n'kutseka pakamwa.

Phunziro: Makina sadziwa mwambo, amadziwa dzanja limene lawagwira. Chanu chikamalembedwa, gwirani nokha, ulemu mudzapereke pambuyo. Musalole wokudyerani akhale pakamwa panu. Ndipo iwe mwana, kholo likakugwira mkono pamene likuberedwa, lankhula, lidzakukalipira lili moyo. Inu ogula kutali, bwerani ndi makutu anuanu. Tumizirani ena uthengawu, makamaka amene makolo awo amalima pa dothi la pangano la pakamwa.