Nyumba ya Apongozi Yatsala Kunja kwa Mzere

Pensulo inaima pa mapu, ndipo mayi injiniya anagwira pakamwa ali padenga la nyumba ya wailesi. Nyumba ya apongozi ake aamuna inali itatsala kunja kwa mzere wosonyeza pomwe mawu a wailesi adzafike, ndi kachala kamodzi kokha.

Anawerengeranso. Mlongoti watsopanowo unkaponya mawu ngati kuwala kwa tochi, kuyamba mopanikizika kenako n'kumatambasuka. Madigiri makumi atatu, mtunda wa makilomita makumi awiri, ndiye kuti kumapetoko mawu atambasuka makilomita khumi ndi pang'ono. Apongozi sanakwanemo ndithu.

"Tangoutambasulani pang'ono, mayi," anatero woulutsa mawu, atagwira makwerero. "Apongozi akakwiya, kodi Lamlungu mukadyera kuti?"

"Ndikautambasula mphamvu ichepa, sufikanso kuchipatala cha kutsidya kwa mtsinje. Odwala akhale opanda wailesi chifukwa cha apongozi anga?"

Anamanga bawuti yomaliza osasintha kanthu. Nyimbo yoyamba itangoyamba, foni inalira m'thumba mwake. Anali apongozi omwewo.

"Mwana wanga, ntchito yanu ija yatheka," anatero nkhalambayo, ikupumira m'mwamba. "Pakhonde ikungosokosera, kuchipinda ndiye zii. Koma ndazungulira nayo wailesi bwalo lonse, ndapeza kuti kuseri kwa khola la nkhuku ikumveka ngati oimbawo ali pompano."

"Pepani, bambo, ndinayesetsa koma..."

"Mukupepesa chiyani? Mpando ndasamutsa kale. Inu mungowauza anzanuwo aike nyimbo yothamanga, nkhuku zayamba kuwodzera kuno."