Kabokosi Kopanda Pakamwa

Chikwanje analowa m'chipinda choyesera makina mochedwa monga mwa nthawi zonse, tayi ali pakhosi ngati wabwera kudzakwatitsa. Patebulo panali timabokosi tiwiri totuwa, tofanana ngati mapasa. Mwini fakitale ya anapiye ndiye anagula tonse tiwiri. Kamodzi anapereka ku kampani ya Chikwanje, kena kwa mlamu wa Chikwanjeyo, mng'ono wa mkazi wake, kuti aliyense aikemo pulogalamu yoyendetsa makina ofungatira mazira. Yopambana lero ilowa m'makina onse a fakitaleyo. Wolephera akagwere uko. Ndipo kampani ya Chikwanje inalibenso ntchito ina yodalira.

Mapulogalamu amenewa amamangidwa ndi zidutswa. Pali chidutswa choyeza kutentha, cha mawu, cha netiweki, china chodzutsa makina magetsi akaphethira. Umasankha zimene ukufuna, zina n'kuzisiya. Dzina la Chikwanje linachokera pamenepo. Waya sankagwira, aa, manja amenewo anali a foni basi. Ankangoimbira antchito ake ali phee m'galimoto: "Chotsani icho! Dulani icho!" Mlamu wakeyonso anamudula pantchito chimodzimodzi, ati amadzaza makina ndi zinyalala.

Magetsi anali atangophethira kumene. Kabokosi kakumanzere kanali zii, kakufa. Kakumanja kanali katadzuka kale, nyali yobiriwira ikuwala, fani ikupemerera thireyi ya mazira.

Chikwanje sanafunse n'komwe. Analunjika pa kamoyoko n'kuyamba kukasisita ngati mphaka.

"Mayi, mwaona mmene chopepuka chimathamangira?" anatero kwa mwini fakitale. "Ine ndinadulitsa zonse zopanda pake. Kanga kalibe netiweki, kalibe chidutswa cha mawu. Dzira lili ndi makutu ngati? Makina olongolola ndi a chiyani?"

Kenako analoza kakufa kaja ndi chibwano.

"Aka kameza zidutswa zonse mpaka katsamwa. Mlamu, ndinakuuza ine, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mazira a mayiwa akanadalira kameneka, bwenzi atasukusa onse."

"Alamu, mwina muyambe mwaona kaye…"

"Chete! Akulu akamalankhula, umamvetsera."

Mlamuyo anapinda manja n'kuyang'ana kudenga. Mwini fakitale, mayi wa mawu ochepa, anagogoda kabokosi kakufako ndi chala.

"Ndiye wopanga kamenekayu nditani naye?"

"Musamupatse ntchito ngakhale yosintha babu," anayankha Chikwanje mosaphethira. "Ubale tiuike pambali. Muwauzenso anzanu onse oweta nkhuku, asadzawapusitse."

"Onse?"

"Onse, mayi. Lero lomwe."

"Chabwino. Mwanena nokha."

Chikwanje anakonza tayi, mano onse pamtunda, dzanja lina likadali pa kabokosi kamoyo kaja. Koma munthu ameneyu! Manyazi anawaiwala m'mimba mwa amake.

Pomwepo kabokosiko kanati pii! Kenako kanalankhula pansi pa chikhatho chake, momveka bwino, m'mawu ojambulidwa a mlamu wake: "Magetsi abwera. Mazira ali bwino."