Chingwe Chakuda Chodutsa Pakhoma

Panali munthu wina dzina lake Bizwick, wa ku Ntcheu, amene anatumizidwa kukagwira ntchito ya ukalaliki pachipatala china chaching'ono ku Nkhamanga. Akuti izi zinachitikadi.

Tsiku loyamba, nesi wamkulu, mayi Muriel, anamuonetsa kumbuyo kwa kompyuta.

"Achimwene, zingwe zilipo ziwiri. Chamutu wabuluuchi ndi VGA, chimapita pa sikirini yanuyi. Chakudachi ndi HDMI, chimadutsa pabowo apo kupita pa TV ya odwala. Chikakhala cholumikiza, zimene mukuona inu, a pabenchi akuzionanso. Musanatsegule mafayilo a odwala, muzichizula."

"Amayi, makompyuta ndinaphunzira ku Blantyre ine," anatero Bizwick monyada.

"Yewo," anathokoza m'Chitumbuka mayi Muriel, n'kuchoka.

M'deramo munali mtsikana wina, Rahab, amene anakana Bizwick atamufunsira. Ukwati wa Rahab ndi mphunzitsi wina unali utalengezedwa kale kutchalitchi. Bizwick zinamuwawa koopsa.

Lachiwiri lina m'mawa, anaona Rahab akutuluka m'chipinda cha uphungu atabisa kabotolo ka mankhwala m'chitenje. Njiru, abale! Bizwick anatseka kanema wa malungo amene odwala ankaonera, n'kutsegula fayilo ya Rahab. Dzina, mudzi, zotsatira za magazi, zonse poyera. Anawerenga mosafulumira, uku akumwetulira.

Kenako anazindikira kuti kubenchi, kumene kumakhala phokoso tsiku lonse, kwangoti zii. Anasuzumira kumbuyo kwa kompyuta. Chingwe chakuda chija chinali chikhalire m'malo mwake.

Anatuluka kupita kubenchiko. Maso onse anali pa TV, dzina la Rahab likuoneka m'zilembo zikuluzikulu. Pabenchi yakutsogolo panali mayi a mphunzitsi uja, buku lawo lachipatala lili m'manja. Rahab anali ataima pakhomo. Sanalire. Anayang'ana Bizwick, anaika kabotolo kaja pabenchi, n'kutuluka.

Ukwati unathera pomwepo. Bizwick anachotsedwa ntchito, koma zimenezo n'zazing'ono. Rahab anasowa m'mudzimo, ndipo sanabwerenso kudzatenga mankhwala. Mpaka lero kabotolo kaja kali mudirowa ya mayi Muriel, kosatsegula.

Phunziro: Chinsinsi cha wodwala ndi moyo wake, musachisewere nacho. Ndipo amene mwawapeza pantchito akakulangizani, mverani, ngakhale akunena za kachingwe chabe. Tumizirani anzanu uthengawu, makamaka ogwira ntchito m'maofesi ndi m'zipatala.