Nsapato za Tulloch

"Dzuka, Tulloch! Amako kulibe kuno!" anakuwa mdala Wattie, wosamalira osewera, uku akufinyira madzi ozizira pabondo lomwe linali litatupa kale.

"Lathyoka ili, mdala. Ndalimva kulira," anatero Archie Tulloch akukukuta mano.

"Ndiye titsale anthu khumi? Kaime kumbali uko, uziwasokoneza basi."

Masiku amenewo wovulala analibe womulowa m'malo. Archie, yemwe ankatuluka mumgodi wa malasha Loweruka m'mawa n'kudzamwetsa zigoli masana, anabwerera m'bwalo akutsimphina. Adani sanamulabadire. Angalonde ndani munthu wa mwendo umodzi? Masewero ali pafupi kutha, mpira unamupeza ali yekhayekha, ndipo anaumenya ndi mwendo wovulala womwewo. Ukonde unagwedezeka, chikho n'kubwera m'tauni yawo koyamba. Iye anazimva ali pamachira.

Dokotala anati bondolo likanapola akanapanda kubwereramo. Kumgodi nako anamukana.

Nyengo yachisanu itatha, wapampando wa timu anamuitanitsa. Archie anavala suti yake yaukwati n'kukwera masitepe ndi ndodo, akudziuza kuti mwina amupatsa kantchito kophunzitsa anyamata.

"Sitidzakuiwala, mwana wanga," anatero bwanayo. "Koma ukuona wekha, timu si chipatala."

Archie atafika pachitseko, bwanayo anamuitananso. Archie anatembenuka msanga.

"Nsapato zija ukadali nazo? Tazigulira kabati yagalasi."

Nsapatozo zili m'kabatimo mpaka lero, ndipo pali munthu wolembedwa ntchito yozipukuta.